Maliro Otseka Njira

Ku Dulo, kamudzi ka osauka mu mzinda wa Manila, munthu akatsirizika, abale ake sankathamangira kwa wansembe. Wansembe ankayamba wafunsa ngati malemuyo anadalitsa ukwati ku tchalitchi. Ankathamangira kwa Aling Petring, ndiko kuti Mayi Petring, amene ankangofunsa dzina lokha, kuti akalitchule bwino m'mapemphero.

Pa chiphaso chake panalembedwa kuti Perpetua Dimaano, koma dzina limenelo ankalimva kwa a boma okha. Anafika ku Manila akali mtsikana, pa sitima ya pamadzi yochokera ku chilumba cha Masbate, zovala zili m'katoni. Anachapirako anthu, anagulitsako nsomba zouma, mpaka tsiku lina pa maliro a mnansi anthu anazindikira kuti ali ndi mawu oyenera akufa: otsika, osathamanga, osatopa. Kuyambira pamenepo korona sanachoke m'thumba mwake. Mwamuna wake, Doroy, ankapalasa njinga yonyamula anthu, ya kangolo pambali ndi belu losasa mawu. Awiriwa anamanga nyumba yawo ndi matabwa otola ku doko, m'mphepete mwa ngalande, pa malo a boma amene nthawi imeneyo boma linali lisanakumbukire kuti ndi ake. Ena anadzamanga kumbuyo kwawo, ena kumbuyo kwa amenewo, mpaka Dulo anasanduka mudzi wa khomo limodzi: kanjira kopapatiza kodutsa pakati pa nyumba ya Petring ndi mpanda wa fakitale. Mwana anabereka mmodzi yekha, Milagros, amene anamwalira asanayambe kukwawa.

Malamulo a maliro Petring ankawasunga kuposa mmene wapolisi amasungira a pamsewu. Maliro akali panyumba, osasesa. Womwalira osamusiya yekha ngakhale kamphindi. Misozi isadonthere pa galasi la bokosi. Wachibale sanyamula nawo. Koposa zonse, pochokera kumanda usalunjike kwanu. Khota kaye pa golosale, umwe kena kake, uimeime m'chigulu cha anthu kuti womwalira akutaye. Ukapanda kutero amakutsata, ndipo nyumba yoyamba imene ulowe ndi imene akhazikikemo. Achinyamata ankaseka, koma ankakhota.

Boma nalo linali ndi malamulo ake, ndipo a ku Dulo anawaloweza ngati katekisimu, chifukwa loya wina wachitsikana wa bungwe la mpingo anawaphunzitsa. Ndi lamulo lachifundo. Silikana kuti akugwetsere nyumba, koma limati achite mwaulemu. Akudziwitse kutatsala masiku makumi atatu. Akambirane nawe. Abwere pakati pa Lolemba ndi Lachisanu, nthawi ya ntchito, kunja kuli bwino, osati mvula ikugwa. Ogwetsawo adziwike maina, kuti usamangoti denga lako anaphwanya ndi munthu wina wake. Ndiponso pakhale kopita.

Mawu omalizawa ndi amene anali pa mkangano. A khonsolo ankati nyumba zatsopano zilipo kale, kumapiri, ulendo wa theka la tsiku. Amene anapita kukaziona anapeza makoma opanda denga, mipope yopanda madzi, ndi mbuzi za eni dera. Loya anakadandaula ku khoti, khoti linaika tsiku, ndipo tsikulo linali kutsogolo kwa Lolemba limene khonsolo inaika kuti idzagwetse. Pakati pa masiku awiriwa panali dzenje la milungu ingapo, ndipo Dulo yense anali pafupi kugweramo. Anthu anapempherera mvula. Unali mwezi wa Malichi. Thambo linali mbee ngati mbale yotsuka.

Doroy anamwalira Lamulungu masana, atakhala pa njinga yake, akudikira wokwera. Anthu angapo anamupatsa moni podutsa osadabwa kuti sakuyankha, popeza sanali woyankha kawirikawiri. Misonkhano ya za malo sankapitako. Chimene anachitira mudzi wake pa moyo wake wonse ndi chimodzi: kufa pa tsiku loyenera.

Bokosi silikanakwana m'chipinda. Analiika panja pansi pa lona, monga ankachitira wina aliyense ku Dulo, ndipo panja pa Petring panali pa kanjira paja. Munthu ankatha kudutsa chammbali, atabweza mimba.

Lolemba mmawa lole inatsitsa amuna ovala zisoti, migwala ndi nyundo zili m'manja, aliyense dzina lake lili pachifuwa monga mwa lamulo. Patsogolo pawo panali bwana Villaluz wa ku khonsolo, wa malaya oyera ositidwa bwino, munthu amene sanachedwepo pa kanthu chibadwire. Anaima pakhomo pa lona nanena mawu amene aliyense ku Manila amanena pofika pakhomo pa eni ake, kuti am'kati adziwe kuti wogogodayo si chinthu china.

"Ndi munthu. Kodi mutu wa banja lino ndani?"

"Ndi awo," anayankha Aling Luding, akuloza bokosi ndi milomo.

Luding anali wapampando wa bungwe la anthu a ku Dulo, mayi wa mawu omveka kutsidya kwa ngalande. Ndiye anagwira Milagros pa ubatizo, choncho iye ndi Petring ankaitanana kuti Mare, ndipo Doroy ankamuitana kuti Pare.

Villaluz anasuzumira pa galasi, nachita chizindikiro cha mtanda mofulumira ngati akusaina. "Pepani kwambiri, Nanay," anatero kwa Petring, akumulemekeza ngati mayi ake. "Muika liti?"

Petring asanatsegule pakamwa, Luding analowerera. "Tikudikira mwana wawo, bwana. Ali ku Kuwait. Mabwana ake akumuvuta pa za pasipoti, mukudziwa kale mmene zimakhalira."

"Dzina lake?"

"Milagros."

Petring anagwira korona m'thumba mwake. Villaluz analemba dzinalo mosamala, kenaka anatembenukira kwa kapitawo wa ogwetsa, bambo wa imvi za m'mbali.

"Lamulo silitchula za maliro. Mang Pidyong, dutsani chammbali, muyambire kumapeto."

Pidyong anavula chisoti. "Ndi mgwala m'manja, bwana? Pamaso pa womwalira? Yambani inuyo mwadutsa, tione ngati mkono wanu udzuke mawa."

"Munalembedwa ntchito."

"Yogwetsa matabwa. Yolumpha maliro sitinapangane."

Amuna enawo anali atavula kale zisoti. Iwonso ankakhala pa malo a boma, pansi pa mlatho wina kumpoto kwa mzinda, ndipo ankadziwa kuti tsiku lina adzabwera ena ovala maina pachifuwa. Wina anawapatsa khofi. Anakhala pansi.

Alendo atachoka, Petring anamukokera Luding kuseri kwa lona.

"Mare, dzina la mwana wanga walitenga kuti?"

"Linangobwera pakamwa. Ukanafuna nditchule la ndani, la mphaka? Tamvera, Mare. Pare Doroy wagona bwino apa. Kumanda akukathamangira chiyani? Moyo wake wonse wakhala akudikira okwera. Adikireko jaji."

"Dzina la munthu silitchulidwa pa maliro ngati sukufuna kuti abwere."

"Akabwera timupatsa khofi."

Petring anayang'ana m'kanjira muja. Zovala za ana zinali pa zingwe, mapoto pa moto, nkhalamba ina ikusambitsa tambala wake wa mpikisano. Kumapiri kunalibe denga. Iye amene anaperekeza akufa onse a ku Dulo osachedwetsa ngakhale mmodzi, anagwedeza mutu kuvomera kuti wake yekha adikire.

Zinthu zinalowa m'dongosolo, monga zimachitira zonse zimene boma lili nawo. Mmawa wa tsiku lililonse la ntchito lole inkafika nthawi yake. Villaluz ankanena kuti ndi munthu, nkusuzumira pa galasi, nkufunsa za Milagros, nkulemba kuti maliro akupitirira. Ogwetsa ankaunjika migwala pa mpanda wa fakitale nkukhala pa tebulo la makhadi, poti pa maliro njuga saletsa, ndipo nthawi yoweruka ikakwana ankatsanzika kwa womwalira. Villaluz anakafunsa ku ofesi ya zaumoyo ngati angalamule kuti thupi lichotsedwe. A zaumoyo anati thupilo lili pa malo a boma, choncho afunse a za malo. A za malo anati iwo amaona za malo, osati zimene zagonapo. A zamalamulo anati nkhaniyo ndi yosangalatsa kwambiri ndipo aiunika.

Wa ku nyumba ya mabokosi ankabwera ndi jakisoni wake wautali kudzaonjezera mankhwala oumitsa thupi. Ankatchinga ndi nsalu, nkugwira ntchito yake akuimba mluzu, nkudzola ufa watsopano pa nkhope ya Doroy. Nkhopeyo inkasintha. Poyamba anali ngati wagona. Kenaka anali ngati akumvetsera. Milomo inabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo amene ankadutsa chammbali anayamba kudutsa akuyang'ana ku mpanda.

Nthawi imene Petring ankaiopa inali ya masana, dzuwa lili paliwombo. Malata ankalira ndi kutentha, osewera makhadi ankaodzera, ngakhale agalu ankakhala chete, ndipo iye ankatsala yekha ndi bokosi. Popeza sankasesa, fumbi ndi makoko a njere za mavwende zinaunjikana pansi mpaka kumira zala za kumapazi. Koma kumutu kwa bokosi kunali kamalo koyera, kakang'ono ngati mbale, kamene fumbi silinkagwerapo. Anafunsa ngati pali amene amapukutapo. Panalibe. Tsiku lina galasi linachita nthunzi cha pakamwa pa Doroy. Anapukuta ndi mpango, nthunziyo osachoka, chifukwa inali mkati. Wa mabokosi anati ndi kutentha chabe, koma tsiku limenelo sanaimbe mluzu.

Njinga ya Doroy anaimangirira pa mzati wa lona. Masana ena belu lake linalira kamodzi, mosasa muja, ngati mmene ankaliizira akafuna kuti Petring afulumire. Pidyong anadzidzimuka pa tebulo la makhadi, nayang'ana njingayo, nayang'ana Petring.

"Ndi mphepo, Aling Petring?"

"Mwaimva mphepo inu?"

Pidyong anagawa makhadi.

Petring ankadziwa mapemphero a tsiku loyamba mpaka lachisanu ndi chinayi. Anawamaliza, nayambiranso. Anawamalizanso, nayambiranso. Mapempherowo amauza mzimu kuti njira yatseguka, upite mu mtendere, ndipo iye ankawanena akudziwa kuti njirayo waitseka ndi iye yemwe. "Pirira pang'ono, iwe Doroy," ankanong'ona pakati pa ma Tikuoneni Maria. "Jaji akubwera." Sankalira, poopa galasi.

Tsiku la ku khoti linafika, Lachitatu. Luding ndi a bungwe anavala malaya ofanana nakwera jipu yodzaza, minibasi ya ku Manila. Anabwerako dzuwa likali m'mwamba, akuyenda ngati anthu ochokera kumanda. Jaji kunalibe. Anapita kwawo ku maliro a apongozi ake, ndipo maliro a kumudzi, aliyense amadziwa, sathamangitsidwa. Mlandu anausunthira mwezi wa mawa.

Luding anakhala pafupi ndi Petring, nayamba kumukupiza ndi katoni. "Mwezi umodzi wokha, Mare."

"Wa mabokosi wanena kuti palibenso pobaya."

"Titseke galasi ndi nsalu. Akufuna kumuona ndani? Bokosi likhalepo basi."

"Ndiye kuti ndi mpiringidzo wa pachitseko, mwamuna wangayu?"

"Usandiike mawu m'kamwa. Ndili ndi adzukulu asanu pansi pa denga lija. Ukufuna ndikawagoneke ndi mbuzi? Iwe ulibe woti umuganizire, Mare. Wako wagona kale."

Atanena izi Luding anasiya kukupiza. Petring sanamuyang'ane. Maso ake anali pa galasi, pamene panatera gulugufe wakuda, wamng'ono, amene anakhala phee pa chipumi cha Doroy osakupiza mapiko. Anakhala pomwepo mpaka madzulo, ndipo mmawa mwake anali pa kamalo koyera kaja.

Lachisanu mmawa Villaluz atafunsa funso lake la masiku onse, Petring anayankha yekha kwa nthawi yoyamba.

"Wafika, bwana."

"Milagros? Zikomo Ambuye." Nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wapeza fayilo yotayika. "Ali kuti, ndimupepese?"

"Ali pomwepa. Tiika lero masana."

Anasankha Lachisanu dala, kuti lamulo lipatse mudzi Loweruka ndi Lamulungu kwaulere. Palibe amene anamuthokoza. Mbiri itamveka m'kanjira, amuna a ku Dulo anasowa mmodzimmodzi. Wina anadwala msana, wina anaitanidwa ku doko. Aliyense ankadziwa kuti wonyamula bokosi limenelo akutsegulira migwala njira ya kunyumba kwake. Luding analowa kwake natseka chitseko. Galimoto ya maliro inaima pamsewu, injini ikulira, ndipo pansi pa lona panatsala mkazi wamasiye, amene mwambo sumulola kunyamula.

Pidyong anaika makhadi pa tebulo. "Takhala tikumwa khofi wa bamboyu milungu yonseyi," anauza anyamata ake. "Dzukani, agalu inu. Iwe Boyet, pukuta m'manja."

Motero Doroy anatuluka mu Dulo miyendo patsogolo, pa mapewa a amuna ovala maina pachifuwa. Villaluz anayang'ana koloko, naona kuti ndi nthawi ya ntchito, ndipo kwa kanthawi anavutika mumtima kuti alembe chiyani. Analemba kuti kuchotsa kwayamba.

Kumanda anamulowetsa m'kabowo ka pa khoma la manda osanjikizana, mzere wa pamwamba, natseka ndi simenti. Petring ananena mapemphero omaliza ndi mawu ake aja osathamanga. Pa chipata cha manda panali golosale imene operekeza onse amakhotapo. Ogwetsa anaima pamenepo naitanitsa zakumwa.

"Aling Petring, bwerani mumweko," anaitana Pidyong. "Ndigula ine."

Petring anadutsa osacheuka. Anakwera jipu ya ku Dulo nalipira malo a anthu awiri. Atatsika anayenda pang'onopang'ono, ngati woperekeza munthu wa miyendo yolema ndi kukhalitsa, akuima pa mphambano iliyonse kuti wam'mbuyo asasochere. Pidyong, amene anasiya botolo lake lili theka nakwera jipu yotsatira, anaona zonsezi ali patali.

Petring sanalowe kwake. Anadutsa pakhomo pake, nalowa m'kanjira, nakaima pa chitseko cha Luding, nyumba ya adzukulu asanu.

"Mare, tsegula."

"Wakhota pa golosale?" anafunsa Luding ali mkati.

"Ayi. Ndabwera naye. Unkafuna mlonda. Nyumba imene ndilowe, palibe amene adzaikhudze."

Mkati munamveka mpiringidzo ukulowa m'malo mwake.

"Pita kwanu, Mare. Muli ana muno."

Anagogoda pa chitseko china, ndi chinanso. Zonse zinali zotseka, ndipo kuseri kwa matabwa ankamva anthu akupuma. Anthu amene anadutsa chammbali pa Doroy milungu yonse ija, akumuthokoza mumtima, sanamufune pa mpando. Petring anabwerera, natsegula chitseko chake, naima pambali kanthawi kuti wina alowe kaye. Analowetsanso njinga.

Lolemba kunacha bwino, kopanda kamtambo. Zonse zinayenda motsatira lamulo, kupatula mawu omaliza aja oti pakhale kopita, amene anali akudikira jaji. Migwala inalira kuyambira mmawa mpaka nthawi yoweruka, kupumira nkhomaliro. Malole ananyamula malata, mapoto, atambala ndi anthu kupita kumapiri. Luding anakhala pamwamba pa katundu, nkhope ataloza kutsogolo.

Lachitatu madzulo Dulo anali bwalo la matabwa ndi misomali, ngalande ikuonekera kumsewu kwa nthawi yoyamba. Panatsala nyumba imodzi.

"Iyo bwanji?" anafunsa Villaluz.

"Muli anthu, bwana," anatero Pidyong.

"Muli mayi mmodzi. Mutulutseni mwaulemu."

"Sanakhote pa golosale. Ndinaona ndekha. Tichotseni ntchito ngati mukufuna, koma pezani amene sanamunyamule bamboyo, ndiponso amene sanamvepo za iye."

Otere sanapezeke. Villaluz anabwera ndi gulu lina kuchokera kutsidya lina la mzinda, koma mbiri inali itawafikira kale lole isanafike, popeza ogwetsa onse a mu Manila amamwera malo amodzi. Kenaka mvula inayamba, ndipo lamulo limaletsa. Mvula itatha, a zamalamulo anati chidziwitso chakale chinatha mphamvu, pafunika chatsopano cha masiku makumi atatu.

Aling Petring akali pomwepo. Nyumba yake yaima yokha pakati pa udzu, pafupi ndi chikwangwani chofwifwa cholonjeza paki ya m'mphepete mwa madzi. A pansi pa mlatho, kwawo kwa ogwetsa aja, amamuitana kukapempherera akufa awo, ndipo amawakalipirabe akafuna kulunjika kwawo. Akaphika mpunga amapakula mbale ziwiri ndi kambale kakang'ono. A ku Dulo anapambana mlandu wawo patapita chaka, ndipo khoti linalamula kuti asasamutsidwe kufikira nyumba za kumapiri zitafoleredwa.

Chidziwitso chatsopano Villaluz amabwera nacho yekha, masana, dzuwa lili paliwombo. Amaima patali pang'ono ndi chitseko.

"Ndi munthu," amatero, mokweza kuposa kale.

"Lowani, bwana," amayankha Petring ali mkati. "Lamulo limati mukambirane ndi mutu wa banja. Alipo."

Villaluz amamvetsera kanthawi. Nthawi zina belu limalira, nthawi zina ayi. Amawerama, nkulowetsa pepalalo pansi pa chitseko, nkubwerera ku galimoto osathamanga kwenikweni. Woyendetsa wake anazolowera: pochoka pamenepo salunjika ku ofesi. Amakhota kaye pa golosale.